Ziwengo zisamangothera pa Piriton

A Mkonzi,

Ndilembeko za ziwengo poti mwana wanga wavutika nazo chaka chonse, thupi lonse zotupatupa, kukanda usiku mpaka magazi, ndiye tikapita kuchipatala amangotipatsa Piriton basi tibwerere.

Chimene chimayabwitsacho ndi histamine, kemikolo amene amatuluka m'maselo a chitetezo cha thupi otchedwa mast cells. Koma histamine sakhalitsa m'magazi, mphindi zochepa chabe enzyme (puloteni yosintha makemikolo m'thupi) yotchedwa HNMT imamuphatika kachidutswa kotchedwa methyl n'kusanduka N-methylhistamine, kenako enzyme ina yotchedwa MAO-B imamuphwanyanso ndipo zotsalazo zimatuluka ndi mkodzo. 

Nde apa ndi pamene pandikhudza ine. N-methylhistamine amakhalitsa kuposa histamine, moti madokotala amasonkhanitsa mkodzo wa maola 24 n'kumuyeza, akapezeka wochuluka amakayikira matenda a mast cells ngati mastocytosis, omwe ndi kuchulukitsa kwa maselowa m'thupi. Piriton uja amangotseka polowera histamine, sachepetsa amene thupi likupanga ayi.

Chonde a Unduna wa Zaumoyo, ganizirani zoti ma lab a zipatala zathu zikuluzikulu aziyeza N-methylhistamine ameneyu pamtengo woti ife wamba tikwanitse, ana ngati wangayu adziwike chomwe chikuwavuta.

Kholo lodandaula,
Zomba