Nyumba yatsopano yadzaza ndi alendo a kuchimuna

Zikomo agogo,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimagulitsa kaunjika pamsika wa Nsungwi ku Area 25 mu Lilongwe. Amuna anga amagwira ntchito pakampani ina ku Kanengo. Kale tinkakhala ku Mtandire m'nyumba ya chipinda chimodzi, koma tinasamukira kuno m'nyumba ya zipinda ziwiri, yamagetsi, mpopi uli pakhomo. Tinkafuna kuti bambo azifika kuntchito osathera ndalama m'maminibasi, komanso kuti mwana wathu wamkazi, amene watha msinkhu ndipo ali Fomu 2, asiye kugona pabalaza ndi mlongo wake.

Ku Mtandire abale ankangobwera kudzationa n'kubwerera tsiku lomwelo chifukwa pogona panalibe. Koma zitamveka kumudzi kwa amuna anga ku Madisi kuti tapeza nyumba yokulirapo pafupi ndi okushoni, pakhomo sipakuuma. Msika wa fodya utangotsegulidwa mu Epulo, alamu anga aakulu anafika kudzalondola mabelo awo. Fodya atagulidwa anati adikire kaye ndalama zilowe kubanki. Asanachoke, kunabwera azakhali awo a bambo kudzaonana ndi adokotala ku Kamuzu Central, ali ndi wowaperekeza. Kenako mphwawo wa amuna anga, mnyamata wa zaka 23, anati wadzafunafuna ntchito yaulonda. Ena onse anapita, ena atsopano n'kubwera, koma iyeyu adakalipo, ndipo ntchitoyo amaifunira pampando akuonera mpira.

Chipinda cha mwana wathu ndicho chinatengedwa. Iye amayala mphasa kuchipinda kwathu, pakati pa bedi ndi makatoni omwe mpaka lero sindinamasule. Mbale zanga zagalasi zidakali zokutidwa m'nyuzi momwe ndinazimangira tsiku losamuka, chifukwa kabati yomwe ndinati ndigule ndalama yake inapita ku ufa. Mtsikanayu akafuna kusamba amadikira kuti amuna achoke pabalaza ndipo adutse ndi chitenje chake. Kuwerenga amawerengera kukhitchini. Zimenezi n'zimene zimandipweteka kuposa ndalama.

Komabe za ndalamazo sindingazibise. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, chilichonse chinakwera, ndipo belo la kaunjika silibweza ngati kale. Thumba la makala likutha mwezi usanafike pakati. Mayunitsi a magetsi sachedwa kutha poti aliyense ali ndi foni yotchaja ndipo mnyamata uja amasita ngakhale malaya okhalira pakhomo. Alamu atalandira ndalama zawo anagula malata ndi wailesi, ine anandisiyira paketi imodzi ya shuga. Alandilodi, omwe timakhala nawo mumpanda umodzi ndi mita imodzi ya madzi, anandiitana n'kundikumbutsa kuti tinagwirizana anthu anayi, koma iwo akawerenga nsapato pakhomo amapeza zina. Akuti bilu ya madzi tizilipira gawo lalikulu, apo ayi akweza lendi.

Ndikawauza bambo amangoti mlendo ndi mame. Koma mame a kwathu kuno dzuwa likuwalephera. Ndikalimbikira amandikumbutsa kuti akulu awowo ndi amene anawalipirira fizi kusekondale ndi ndalama ya fodya yomweyi, ndiye angawauze bwanji kuti akagone kuresitihausi? Pamenepo sindiwatsutsa, agogo. Popanda alamuwo ntchito ya ku Kanengo sibwenzi ilipo, ngakhalenso nyumbayi. Koma kodi ngongole imeneyi aibweze mwana wathu pogona pansi? Nanga mphwawo uja anawalipiriranso chiyani?

Ine kwathu ndi ku Mulanje, ndipo ndikudziwa kuti ndikangotsegula pakamwa mbiri ikafika ku Madisi ndi yoti mlongo wawo anakwatira mkazi womana, wosafuna abale. Mayi anga enieni akufunitsitsa kudzaona kumene tinasamukira, koma ndimangowauza kuti adikire kaye. Ngakhale amayi oyandikana nawo sindinawadziwe bwino. Anandiitana kuti ndilowe banki m'khonde yawo, koma ndikachoka kumsika ndimathamangira kukaphikira khamu la anthu.

Ndithandizeni nzeru. Kodi nkhani yotereyi ndi yoyenera kuitengera kwa ankhoswe, kapena amuna anga aona ngati ndawayalutsa? Pali njira yanji yaulemu youzira abale kuti azitiimbira foni asananyamuke, ndiponso kuti akakhalitsa azithandizako ufa kapena ndiwo? Za mnyamatayu, amuuze ndani kuti abwerere kumudzi kapena apeze pokhala pake, ine kapena amuna anga? Epulo wina akubwera, ndipo alamu ayamba kale kunena kuti ulendo uno abwera ndi anzawo awiri a kukalabu.

Ine wothedwa nzeru,
Area 25, Lilongwe