Kalata yotseguka kwa Mfumu ya Mzinda wa Beira

Olemekezeka bambo Albano Carige,

Ndine dalaivala wa thanki ya mafuta, msewu wanga ndi wa Beira, Tete, Zóbuè mpaka Blantyre. Mzere ukatalika padoko ndimakakhala m'mbali mwa mtsinje wa Chiveve. Madzi akaphwa, nkhanu zimatuluka m'mauna pansi pa mitengo ya mangal, ija mizu yake imasuzumira m'matope amchere ngati misomali yoloza kumwamba. Mzinda wanu unachita bwino kuutsegulanso mtsinjewu, ndipo amene anagona m'Beira usiku wa Idai mu Malichi 2019 safunika kuuzidwa ntchito ya mitengoyi.

Chandilembetsa kalatayi ndi sitima zapamadzi. Ikachepekedwa katundu, sitima imamwa madzi a padoko lomwe ili kuti isapepuke panyanja, n'kukawalavula padoko lina. M'madzimo mumabwera mazira ndi tiana ta zamoyo zakutali, zina zimakakamira kumimba kwa sitimayo. Nkhono ya Mytella strigata kwawo n'ku Central ndi South America, koma lero ili ku Singapore, komanso ku India, ku Kerala ndi ku Ennore pafupi ndi Chennai, komwe asodzi akudandaula kuti yayala pansi ngati mkeka, nkhono zakwawo n'kusowa pokhala. Ku Nigeria kanjedza wa nipa anachita kudzalidwa dala ku Calabar mu 1906. Zipatso zake zimayandama, zikatsamira pomwe mangal adulidwa zimamera, ndipo wadzaza Niger Delta mpaka kukafika ku Douala m'dziko la Cameroon.

Pomwe adulidwa, bwana. Beira akukula, nkhuni ndi mitengo yomangira zikufunika, ndipo mpata uliwonse wotsala m'matope ukudikira mlendo. Ife Amalawi tinaziona ndi namasupuni: ku Liwonde makina amangokhalira kumuvuula kuti asakatseke magetsi ku Nkula, koma iye osatha ayi.

Doko si lanu, ndikudziwa. Koma mgwirizano wa IMO (bungwe la United Nations loona za sitima zapanyanja) woyang'anira madzi a m'sitimawa unayamba kugwira ntchito mu 2017, ndipo pakamwa muli napo: funsani poyera kuti amayeza madziwo pa Beira ndani, ndipo kangati. Asodzi a ku Praia Nova nawo ndi amene adzayambe kuona chigoba chachilendo muukonde. Apatseni khomo limodzi lokachisiya, pakhale munthu wochidziwa, wowayankha sabata isanathe.

Ine wanu,
Dalaivala wa pamsewu wa Beira