Kalata yochokera ku Leeds, ku England

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ndi ana onse kunyumbako. Ine kuno ndilipo, kungoti kwayamba kuzizira koopsa. Undikhululukire kuti miyezi yonseyi ukandifunsa za sukulu pa WhatsApp ndimangoti zikuyenda. Sizinkayenda, ndipo ndinkachita manyazi kukuuza. Lero ndati ndikhale pansi ndikufotokozere bwinobwino.

Paja ndinachoka nditangomaliza Fomu 3, ndili ndi maganizo akuti ndikafika kuno ndidzangolowa kalasi yofanana ndi Fomu 4. Si mmene zilili. Kuno mwana amamuika m'kalasi potengera tsiku lobadwa, osati mayeso amene anakhoza. Amawerenga kuyambira pa 1 Sepitembala mpaka pa 31 Ogasiti, ndiye popeza ine ndinakwanitsa zaka 16 mu Juni, a msinkhu wanga onse anali atalemba kale GCSE, mayeso amene tingawafanizire ndi MSCE. Ine m'manja ndinali ndi satifiketi ya JCE ndi malipoti a sukulu basi. Amayi anayenda nane sukulu ziwiri atangoweruka kuntchito ya usiku, maso ali psuu, konseko osapezeka malo ondiyenera. Mapeto ake ndinalowa koleji ya achinyamata a zaka 16 mpaka 19. Chaka chino ndikuphunzira Chingerezi, masamu ndi sayansi kuti ndilembe GCSE mu Meyi ndi Juni. Ndikakhoza m'pamene ndidzayambe A-level, maphunziro okonzekera kuyunivesite, yomwe ndi ya zaka ziwiri, ndipo ambiri amatenga maphunziro atatu okha. Chaka chathunthu chapita pamenepo. Ndikaganiza kuti iwe ukhala utathana ndi sekondale ine ndikadali poyambira, mtima umandiwawa.

Koma chimene chinandifooketsa kwambiri si chakacho ayi. Ndi pakamwa. Iwe ukundidziwa, pa dibeti sindinkagonja, ndipo Chingerezi ndinkakhoza kuposa aliyense m'kalasi mwathu. Tsiku loyamba aphunzitsi a sayansi analankhula ola lathunthu, ine osatolapo kanthu. Mawu ake ndimawadziwa akalembedwa pa bolodi, koma anthu a kuno kumpoto amalankhula mothamanga, zilembo zina n'kumazimeza. Nditayesa kuyankha funso, mnyamata wina anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anatinso ndibwereze. Sanali kundiseka, sanamve basi, koma kuchokera tsiku limenelo ndinatseka pakamwa pafupifupi mwezi wathunthu.

Ndiye pali zaulemu. Aphunzitsi pakoleji pano amawatchula dzina lawo loyamba, ngati mnzako wosewera naye. Lilime langa mpaka lero limakana. Akalowa m'kalasi palibe amaimirira. Tsiku lina aphunzitsi a Chingerezi anandiitanira pambali n'kundifunsa ngati ndakhumudwa nawo, chifukwa akamandilankhula ndimayang'ana pansi. Ndinasowa poyambira. Ndinawafotokozera kuti kwathu mwana woleredwa bwino sayang'anitsitsa wamkulu m'maso. Anakhala chete kanthawi, kenako anathokoza kuti ndawauza. Panopa ndikuphunzira kudzutsa mutu, koma pepala ndimalandirabe ndi manja awiri, ndipo zimenezo sindisiya.

Imva ya masamu. Tisanapite kutchuthi cha sabata imodzi chakumapeto kwa Okutobala tinalemba mayeso oyeserera. Pepala litabwera, pamwamba panali 7 wozunguliridwa ndi cholembera. Mutu wanga unathamangira kwa MANEB, komwe 1 ndi 2 ndiye pamwamba, 7 ndi 8 n'kungodutsa, 9 n'kulephera. Ndinalipinda pepalalo kanayi n'kulibisa pansi pa chikwama. M'basi ndinalira mwakachetechete, nkhope nditaloza kuwindo, ndikuganiza za amayi amene amagwira ntchito yosamalira okalamba usiku wonse kuti ine ndiphunzire. Pakoleji anali atatiuzapo kuti magiredi a kuno amayenda mosemphana, 9 ndiye wapamwamba, 4 ndiye pokhozera, koma mantha anandiiwalitsa. M'mawa mwake aphunzitsi anandiyamikira pamaso pa kalasi yonse, n'kundipempha kuti ndisonyeze pa bolodi mmene ndinapezera yankho la funso lomaliza. Ndinaimirira miyendo ikunjenjemera. Ndinalemba mzere ndi mzere monga ankatikakamizira aphunzitsi athu a Fomu 3 aja, amene tinkawadandaula kuti ndi ovuta. Palibe anati ndibwereze. Ukawaona uwauze kuti ndikuwathokoza, ndipo ndikunena zochokera pansi pa mtima.

Za zipangizo sindikunamiza, zilipo zokwanira. Mu labu aliyense amagwira yekha, osati kuunjikana anthu khumi pa maikulosikopu imodzi. Yunifolomu kulibe, timangovala khadi m'khosi. Kusesa ndi kutchetcha kulibenso. Komabe nthawi ya nkhomaliro inali yowawa kuposa zonse. Ndinkakhala ndekha pakona, ndikukumbukira mmene tinkagawanirana mandasi ndi chinangwa pansi pa mtengo uja. Mpaka tsiku lina ndikulankhula ndi amayi pafoni, mtsikana wina anatembenuka n'kundifunsa m'Chinyanja kuti ndine wa kuti. Ndi wa ku Lusaka, anabwera chaka chatha. Chilankhulo chake chimasiyanako ndi chathu, koma timamvana bwinobwino. Ndi amene anandisonyeza sitolo yogulitsa ufa ndi kapenta, ndiponso anandilimbitsa mtima kuti makutu amatseguka pang'onopang'ono. Zoonadi, tsopano ndikumva zambiri, ndipo sabata yatha ndinakweza mkono kawiri.

Mng'ono wako uja amene akuti azakhali akufuna kumutenga, uwauze akuluakulu aganizire bwino za msinkhu wake. Ngati n'kubwera, abwere asanafike zaka 14 kuti ayambe maphunziro a GCSE pamodzi ndi anzake, apo ayi ayambe walemba MSCE. Malipoti onse a sukulu asataye ngakhale limodzi.

Pano ikamakwana 4 koloko madzulo kunja kumakhala kutada kale, ndipo kuchokera pomwe anabweza mawotchi ndi ola limodzi, monga amachitira kuno nyengo yozizira ikamayandikira, inu muli patsogolo ndi maola awiri. Ndiye Lamlungu ndidzaimba ikamati 7 koloko madzulo kwanuko, usazimitse foni. Undijambulirenso manotsi ako a bayoloje, mutu wa kayendedwe ka magazi, chifukwa ako ndimawamva msanga kuposa buku la kuno. Kodi mvula yayamba? Nanga mango a kuseri kwa nyumba yanu apsa?

Upereke moni kwa amayi ndi anzathu onse a m'kalasi.

Ndine mnzako wa pamtima.