Kalata kwa Tadala, asananyamuke ulendo wa ku Laos

Wokondedwa Tadala,

Uli bwanji mwana wanga? Amayi ako akuti sukulu ikatsekera mukupita nawo ku Laos, dziko la ku Asia, ndipo iwe walongedza kale chikwama tsiku lidakali kutali. Ndati ndikulembere zoti uzidziwe usanafike, kuti eni dziko akakuona akati mwanayu anamulera bwino.

Muyambira ku Vientiane, likulu la dzikolo, m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Mekong. Ukaima pagombe, tsidya linalo ndi Thailand. Galimoto kumeneko zimayenda kumanja, ndiye powoloka msewu uziyamba wayang'ana kumanzere, ndipo dzanja la amayi ako usalitaye chifukwa njinga zamoto zimangotulukira paliponse. Mukafuna kukwera tuk-tuk, kagalimoto ka mateyala atatu, muziyamba mwagwirizana mtengo. Mukakwera osafunsa, mkangano umakhala potsika. Ndalama yawo ndi kip, yamapepala okhaokha, ndipo ili ndi maziro ambiri. Akakupatsa ya 20,000 usaganize kuti walemera.

Kuchoka apo mukwera sitima yothamanga, imene inayamba kuyenda mu December 2021, ndipo pakatha pafupifupi maola 2 mufika mumzinda wa Luang Prabang. Uwakumbutse abambo ako kuti matikiti amatha msanga, komanso pasiteshoni amaunika zikwama ngati pabwalo la ndege, mipeni amalanda. Sitimayo imalowa m'ngalande zambiri zobooledwa m'mapiri. M'makutu mukatseka, ungomeza malovu.

Moni wawo sagwirana chanza. Umaphatikiza manja pachifuwa, zala zitaloza m'mwamba, n'kuweramitsa mutu pang'ono, n'kunena kuti "sabaidee". Pothokoza umati "khop chai". Mutu kwa iwo ndi wolemekezeka ndipo phazi ndi lonyozeka, choncho usagwire mnzako kumutu ngakhale mukusewera, usaloze chinthu ndi phazi, ndipo usadumphe munthu amene wakhala pansi. Polowa m'nyumba kapena m'kachisi nsapato zimatsala panja. Ndiye utenge zosavuta kuvula, osati zazingwe zija umalimbana nazo mpaka anzako onse atapita.

Tsopano nachi chimene ndikufuna umvetsetse kwambiri. Ku Luang Prabang, m'bandakucha uliwonse, amonke achibuda amatuluka m'makachisi awo atavala nsalu za mtundu wa olenji, opanda nsapato, atandanda pamzere umodzi, wamkulu patsogolo. Aliyense amakoleka mbale yokhala ndi chivundikiro paphewa. Anthu amakhala atawadikira m'mbali mwa msewu pa timphasa kapena pa timipando tatifupi, ndipo mmonke akamadutsa amamuponyera kampunga m'mbale. Mwambowu amautcha tak bat. Umayamba cha m'ma 5:30 kapena 6 koloko, malinga ndi nyengo, ndipo suchedwa kutha. Wogona tulo tofa nato amapeza msewu uli mbee.

Uona kuti ambiri pamzerewo ndi anyamata, ena osiyana nawe zaka zochepa chabe. Ambiri a iwo amachokera kumidzi, ndipo amakhala kukachisi kuti apeze mwayi wophunzira. Amonke sadya chakudya dzuwa likapendeka, ndiye zimene alandira m'mawazo ndi chakudya chawo chenicheni. Si gule woti alendo aziombera m'manja. Anthu ake amakhala akupembedza, n'chifukwa chake pamakhala zii, wopereka salankhula, wolandiranso sanena zikomo.

Ngati mukungoonerera, muime tsidya lina la msewu, chete. Foni isang'anime powajambula, ndipo musawatsatire kapena kudula mzere wawo. Alendo ena amawayandikira mpaka kamera kutsala pang'ono kugunda mphuno. Zimenezo ndi zamwano, usatengere. Ngati amayi ako afuna kuti mupereke nawo, apemphe kumene mukugona kuti akuphikireni mpunga m'mawa womwewo, chifukwa wogulitsidwa pamsewu kwa alendo nthawi zina umakhala wogonera. Uvale zobisa mapewa ndi mawondo, uvule nsapato, ugwade kapena ukhale pansi kuti mutu wako usapitirire wa mmonke. Ndi dzanja loyera utsine kambamu kakang'ono, uike m'mbale osakhudza mbaleyo kapena nsalu yake. Iwe ndiwe mtsikana, ndipo mkazi saloledwa kukhudza mmonke ngakhale pang'ono. Alendo ambiri amalakwitsa apa: amatapa wambiri kwa oyambirira, mpunga n'kutha mzere usanafike pakati. Uzitsina pang'onopang'ono, chifukwa anyamata aang'ono aja ali kumapeto.

Mpunga umenewu ndi womata, dzina lake khao niao, ndipo kwa iwo uli ngati nsima kwa ife. Saphika m'madzi. Amauviika usiku wonse, kapena maola osachepera 4, n'kuukhetsa, kenako amauthira m'dengu lansungwi losongoka kunsi. Dengulo amalikhazika pakamwa pa mphika wa madzi owira, koma madziwo asakhudze mpunga. Umapsa ndi nthunzi yokha. Pakatha mphindi 15 amaugwedeza kuti utembenuke, wapansi ubwere pamwamba, n'kuusiyanso mphindi 5 kapena 10. Ukapanda kuviikidwa mokwanira, pakati pa njere pamakhala pogwa. Madzi akaufikira umasanduka phala. Ukapsa amauyala n'kuutakasa kuti nthunzi ichoke, n'kuuika m'kadengu kokhala ndi chivundikiro kotchedwa tip khao. Kadenguko kamapuma, ndiye mpunga sunyowa ndi thukuta lake. Koma ukakasiya kosavundikira umauma gwa ngati timiyala.

Kudya kwake sikukuvuta iwe wodziwa nsima. Usambe m'manja, utsine, uumbe mbamu mpaka ilimbe, ndiye usunse kapena utapire ndiwo. Mbamu yofewa imasiya njere m'mbale ya ndiwo imene onse akudyamo, ndipo sizioneka bwino. Ukakhuta uvundikire kadengu kako. Pa ndiwo chenjera ndi tam mak hoong, papaya wosapsa wopalidwa n'kusinjidwa mumtondo pamodzi ndi adyo, mandimu, tomato, tsabola ndi padaek, msuzi wa nsomba zosungidwa mumchere kwa miyezi yambiri. Fungo lake ndi lamphamvu, tsabola wakenso si wamasewera. Unene kuti "bo phet", kutanthauza kuti asakuikire zowawa. Ukapsabe mkamwa, mbamu ya mpunga imathandiza kuposa madzi. Madzi apampopi usamwe, uzimwa a m'botolo lomata.

Zokaona ndi zambiri, poti mzinda wa Luang Prabang bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe, linauika m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa mu 1995. Kachisi wa Wat Xieng Thong, amene anamangidwa cha m'ma 1560, ali ndi denga lotsetsereka mpaka kutsala pang'ono kufika pansi. Uzungulire kuseri ukaone mtengo wopangidwa ndi tizidutswa tagalasi pakhoma. Phiri la Phousi lili pakati pa mzinda, masitepe ake amapitirira 300, ndipo pamwamba umaona pamodzi Mekong ndi mtsinje wa Nam Khan. Madzulo msewu wa Sisavangvong amautseka n'kuyala msika wausiku. Kunenerera mtengo n'kololedwa, koma mwaulemu ndi kumwetulira, chifukwa kumeneko wokweza mawu amadzichotsa yekha ulemu.

Mukapita kumidzi kapena kuthengo, uziyenda m'njira imene anthu amapondamo. Pakati pa 1964 ndi 1973 ndege za America zinaponya mabomba ambiri m'dzikolo, ndipo ena sanaphulike mpaka lero. Ena ndi aang'ono, ozungulira ngati mpira wa tenesi. Ukaona kachitsulo kachilendo pansi usatole, usakankhe ndi phazi, uitane munthu wamkulu. Mumzinda mulibe vuto limeneli, ndiye usachite mantha.

Ukabwera udzanditengere kadengu kamodzi ka tip khao, kakang'ono kokwana m'chikwama chako. Upereke moni kwa abambo ako ndi amayi ako.

Ndine azakhali ako okukonda.