Kwa eni galaja ya ku Booysens omwe anandikonzera Cobra

Bambo mwini galaja, ndalemba pagulu pano chifukwa foni yanga mwaleka kuyankha, ndipo ndikafika ku Booysens, kuno ku Johannesburg, anyamata anu amangoti mwangotuluka kumene kukagula zipangizo.

Galimoto imene ndinakusiyirani mu Malichi si Cobra yeniyeni ya m'ma 1960 ya wopanga magalimoto wa ku America Carroll Shelby, yokhala ndi bodi ya aluminiyamu. Yanga ndi yofanizira chabe, ya fibreglass, injini yake ndi Ford 302 V8 ndipo zakunsi zinachotsedwa ku Jaguar XJ6, koma ndiyo imandidyetsa pamodzi ndi ana, popeza anthu amaichita hayala pa maukwati. Tinapangana ntchito ziwiri zokha, kuthetsa kutentha kwa injini ndi kumata ming'alu ya pa boneti.

Nditaitenga mu Julayi sinathe ndi sabata yomwe. Inawira pa msewu waukulu wa M1 pafupi ndi Braamfontein, mkwatibwi ali m'katimo ndi velo lake, nthunzi ili tolotolo, abale ake akundiyang'ana ngati wakuba. Nditatsegula boneti ndinaipeza radiator yanga yakale ija, yopakidwa penti yakuda, ndipo ndinaizindikira ndi kophwanyika ka pakona komwe ndinakachita ndekha ndi sipanala. Komatu pa lisiti munalemba yatsopano ya R14,000, imene sitinakambirane n'komwe. Ndinakuuzaninso kuti galimotoyi ndinaigula ku Durban, m'mphepete mwa nyanja, choncho carburettor, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, imafunika kuichuna molingana ndi mpweya wa Johannesburg, mzinda womwe uli pamtunda wopitirira mamita 1,700, koma mapulagi adakali bii ndi mwaye. Ming'alu nayo yabwerera ngati ukonde wa kangaude, chifukwa munangopakapo phala la bodi m'malo momanga ndi resin ndi ulusi wake.

Ndinabwera kwa inu chifukwa timalankhula chinenero chimodzi ndipo takhala tikusonkha limodzi pa maliro a anzathu otumizidwa kumudzi, n'chifukwa chake ndapirira mpaka lero. Lamulo loteteza ogula la ku South Africa la Consumer Protection Act la 2008 limati ntchito yokonza ikhale ndi chitsimikizo cha miyezi itatu, mwini katundu avomereze mtengo ntchito isanagwiridwe, ndiponso zitsulo zochotsedwa zibwezedwe kwa iye. Ndikupempha kuti mundibwezere R14,000 ija ndi kukonzanso boneti mwaulere pofika Lachisanu likudzali. Mukapanda kutero, lisiti ndi zithunzi za radiator ndikazipereka ku Motor Industry Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a zamagalimoto, Lolemba lotsatira m'mawa.