Kalata ya abusa: tisawatopetse anthu athu odalirika

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Mtendere ukhale nanu. Ndikulemba za anthu amene mpingo wathu kuno ku Mangochi umatsamira pa iwo: asungichuma, alembi, madikoni ndi amayi osunga makiyi. Munthu wotere mukapangana 7 koloko, mumamupeza atafika kale. Chimanga cha masika chikabwera, amawerenga matumba, kulemba dzina la wopereka ndi tsiku, kuthira mankhwala a anankafumbwe, n'kusanja matumbawo pamatabwa kuti asakoke chinyontho.

Koma tikuwatopetsa, ndipo zikundipweteka mtima. Poti sataya ntchito, chilichonse timakankhira kwa iwo, iwonso kukana sadziwa. Kugawirako ena amaopa kuti zisokonekera. K500 ikapanda kuoneka m'buku, tulo sabwera. Tikasintha ndondomeko ya mapemphero Lamulungu m'mawa, nkhope imagwa, ife n'kumati ngovuta, chonsecho anakonza zonse Lachisanu. Tsiku limene malungo awagwetsa, mabuku ndi makiyi zimagona nawo kunyumba, mpingo n'kuima.

Pa Eksodo 18, Yetero anachenjeza Mose kuti adzalefuka akapitiriza kusenza yekha milandu ya anthu. Tsono tichite motere. Chopereka chiziwerengedwa ndi anthu atatu mapemphero akangotha, onse asayine, ndalama zikalowe kubanki Lolemba. Sikuti tikuwakayikira ayi. Paulo nayenso anafuna kuti abale ena aperekeze mphatso ya mipingo kuti pasapezeke womunena (2 Akorinto 8:19-21). Otumiza pa Mpamba kapena Airtel Money, onetsani uthengawo kwa msungichuma tsiku lomwelo, chifukwa ndalama yopanda dzina ndiyo imasokoneza buku. Zolengeza zizifika kwa mlembi pofika Lachinayi, kupatula za maliro. Aliyense pa udindo akhale ndi wachiwiri wodziwa pamene pali buku ndi kiyi.

Inunso abale osamalanu, ndimvereni. Wachiwiri wanu akalakwitsa mzere, musamulande buku. Khalani naye pansi, muwerengere limodzi. Nthawi ya mwera, asodzi akamalephera kulowa panyanja, zopereka zimatsika. Musatchule pagulu maina a otsalira. Kawaoneni kwawo, mumve kaye za pakhomo. Ndipo Lamulungu limodzi pamwezi siyani cholembera, mukhale pabenchi ndi banja lanu.

Akulu a mpingo tikumane Loweruka likudzali, 2 koloko masana, kuti tisankhe achiwiriwo.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine,
Mbusa wanu