Kulanda mfuti pa nthawi ya tsoka ku New Orleans

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya ufulu wosunga mfuti ku America pa nthawi ya ngozi zadzidzidzi. Namondwe wa Katrina atamiza New Orleans mu 2005, mkulu wa apolisi mumzindawo, Eddie Compass, adalengeza kuti achitetezo okha ndiwo akhale ndi zida. Mfuti zidalandidwa, ngakhale za anthu ozisunga mwalamulo, mpaka bungwe la NRA, lomenyera ufulu wa eni mfuti, litapita kukhoti ndipo woweruza adaletsa kulandako mu Seputembala.

Pamene padavuta kwambiri ndi pobweza. Ambiri adalandidwa osapatsidwa lisiti. Mfutizo zidaunjikidwa m'makontena, zambiri n'kuchita dzimbiri. Mwini akapita kukatenga yake ankafunsidwa umboni woti adagula, pamene mapepalawo adapita ndi madzi kalekale. Mlanduwo udatha mu 2008.

Lamulo lomwe dziko la America lidakhazikitsa mu 2006 limaletsa ogwira ntchito za boma lalikulu la dzikolo, ndi onse olandira ndalama zake pothandiza pa tsoka, kulanda mfuti yosungidwa mwalamulo kapena kukakamiza kalembera watsopano. Komabe wopulumutsa anthu angakuuzeni kupereka mfuti musanakwere bwato kapena basi, bola akubwezereni mukatsika. Ine ndikuona kuti pamenepa adaganiza bwino, chifukwa bwato lodzaza anthu amantha si malo a chida.

Maganizo anga ndi akuti wopulumutsa anthu akalandira mfuti achotse zipolopolo, alembe mtundu ndi nambala ya mfuti pa lisiti ziwiri, imodzi apatse mwini. Mwininso ajambuliretu nambalayo pafoni madzi asanafike.

Wowerenga wanu